Mwala wa Pansi pa Filiji

"Kankhani, a Dennis! Simunadye kodi?" anatero mayi Pargeter atakangamira mbali ina ya filiji.

"Zaka zonsezi mumatipirikitsa ndi tsache, lero mwatiitana nokha," anayankha a Dennis Hallam, mkulu wa mpingo, ali wefuwefu. "Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa."

Amuna awo a mayiwo, a Wilf, anamwalira Lolemba ali pampando wawo m'khitchini momwemo. Ankafuna kukagona kumanda a tchalitchi cha Nether Addle, pafupi ndi makolo awo. Koma abusa atsopano, mayi Okell, anaona pamapu kuti nyumba yawo ili m'parishi ina yoyandikana nayo, komwe manda anadzaza kale ndipo maliro amakawotchera m'tauni. Mayi Pargeter chakudya chinaleka kulowa.

Chiyembekezo chinatsala chimodzi: munthu wofera m'parishi, manda ake samukaniza. Ndipotu malire ankadutsa m'khitchinimo. Mwezi wa Meyi uliwonse anthu a m'mudzimo ankazungulira malire akukwapula miyala yake ndi timitengo, ndipo mwala wina unali m'nyumba imeneyi. Mayi Pargeter, poti ukhondo anabadwa nawo, atatopa ndi matope a nsapato za anthuwo anangosanjika filiji pamwalapo, mwambo n'kuthera pakhomo.

Filiji inasuntha. Pansi pake panali fumbi, supuni yosowa kalekale, ndi mwala wa zilembo zofufutika.

Abusa, omwe anabwera kudzaona okha, anagwada n'kuupukuta ndi mpango. "Mbali iyi ndi yathu. Nanga mpando unali pati?"

Mayi Pargeter analoza pafupi ndi mbaula. Pomwe miyendo ya mpando inkaponda pankaonekabe pakapeti. Inali mbali ya Nether Addle, mwapang'onong'ono penipeni.

"Si mpando uja munkawalalatira a Wilf tsiku ndi tsiku kuti ausunthire kuwindo?" anafunsa a Dennis.

"Womwewo! Unkanditsekera njira. Koma bambo aja anali ndi makutu ngati?"

"Akanakumverani, bwenzi pano tikunena zina."

Mayiwo anaseka, misozi ili chuchuchu. Mtima unakhala pansi koyamba chichokere Lolemba.

"Ndi wathu," anatero abusa akudzisasa m'maondo. "Lachisanu belu la maliro lilira."

A Dennis anagwiranso filiji kuti aibwezere pamalo pake.

"Isiyeni pomwepo," anatero mayi Pargeter akuika ketulo pamoto. "Meyi akafika mubwere ndi timitengo tanuto. Koma nsapato muzivulira panja."