Waya wa Papholo

Mayi a anapiye, monga msewu wonse unkawatchulira, anaima pakhomo la chipinda choswetsera mazira, manja m'chiuno, maso ali psu.

"Muzimitse magetsi? Lero? Bambo inu, mutu wanu ukuyenda bwino?"

Wamagetsiyo, bambo wa imvi atanyamula makwerero paphewa, anayankha mofatsa kuti ndi ola limodzi lokha.

Ati ola limodzi lokha! M'makina oswetsera munali mazira mazana atatu, atatsala masiku awiri kuti aswe. Dzira lotero likangozizira, basi, ndi maliro. Komanso maulendo awiri apitawo theka la anapiye linafera m'mazira momwemo. Wolakwa mayiwo anali atamupeza kale: mng'ono wawo, yemwe ankalondera makinawo masana iwo ali kumsika. Anamunena kuti amangotsegulatsegula chitseko, chitsiru chopanda khutu. Anamuponyera zovala panja, anthu akuonerera.

"Mita ya magetsi yaukazitape munandiikirayo ndinaikana ine!" anakalipa mayiwo. "Yakunamizani chiyani?"

"Siinama, mayi. Imatumiza manambala ku ofesi tsiku lonse, kompyuta n'kumafananiza nyumba ndi nyumba. Mumsewu muno ndi inu nokha amene mphamvu ya magetsi imakutsikirani masana aliwonse. Waya wanu wakhwepa papholopo. Dzuwa likauomba, mababu amayaka ndithu, koma chotenthetsera mazira chimangofunda ngati tiyi wa dzulo."

"Masana?"

"Kuyambira wani koloko mpaka folo. Miyezi iwiri tsopano."

Inali nthawi yomweyo imene mng'ono wawo ankalondera makinawo.

"Miyezi iwiri! Ndiye munkadikira chiyani? Mvula? Manambala mumawaunjika kuti muziwadya?"

Bamboyo anangokaimika makwerero papholo. Mayiwo anakakanganula mabulangete pamabedi onse, nafunditsa makinawo uku akulalata, kutukwana pholo, ofesi, kompyuta ndi amene anaipanga.

Ola lisanathe, magetsi anayaka. Wamagetsi anatsika n'kuwaikira m'manja kachitsulo kolumikizira waya, kakuda bii, kosungunuka mbali imodzi.

"Chimene chinkakupherani anapiye ndi ichi."

Kanali kakang'ono ngati chala. Mayiwo anakayang'ana, ndipo mkwiyo wonse uja unasowa kolowera, unawatembenukira eni ake. Manyazi anawagwira.

Anatenga foni n'kuimbira mng'ono wawo. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. M'makina, kamwanapiye kena kanali katayamba kugogoda m'dzira, koma mng'ono wawo uja foni sanaiyankhe.