Masamu Okana Kulowa mu Wedi

Chaka chilichonse mayeso oyeserera a masamu a Folomu 4 m'sukulu zozungulira Kasakula ankakonza ndi aphunzitsi Moffat, pamanja, popanda wodandaula. Koma chaka chino a komiti anabwera ndi zawo: mafunso atumizidwe otayipa pakompyuta mu Wedi, oti munthu angathe kuwakonza, zithunzi ayi.

Akazi awo okha, a Margareta, ndiwo ankadziwa mmene sitiroko inawasiyira bambowo. Kwa ahedi anangoti ndi malungo. Pepala la mayesoli likapanda kupita ku komiti zonse ziululika, ntchito ithe, m'nyumba ya sukulu atulukemo.

Kutayipa a Margareta ankatha, si ndiwo ankalemba zolengeza za kumpingo? Koma masamu, eee, nkhani ina! Nambala yoyenera kukhala pamwamba pa inzake inkatsika n'kuima pamzere ngati anthu a kuchigayo. Mnzawo wa ku Dowa boma anawauza za pulogalamu ya pafoni: ukajambula masamu a pamanja, yokha imawasandutsa otayipa.

Netiweki ya kumeneko imapezeka pamwamba pa phiri. A Margareta anakwera, thukuta kamukamu, najambula tsamba loyamba la mafunso amene amuna awo analemba pamanja atadwala kale. Ogo! Dzanja la bambo linali litanjenjemera kwambiri moti pulogalamu ija inangolavula zizindikiro zosadziwika mutu wake. Anajambulanso. Zomwezo. Anakhala pamwala n'kulira, chifukwa wina aliyense wodziwa masamu amene akanamupempha anali mphunzitsi wa pasukulu pomwepo.

Atatsika anapeza amuna awo ali pakhonde akuwothera dzuwa. Anagwada pambali pawo ndi laputopu ya sukulu.

“Bambo a Blessed, tichite chonchi. Inu muzindiuza, ine ndizitayipa. Kanambala aka kakhale pamwamba kapena pansi?”

A Moffat anatenga pepala lija ndi dzanja lamanzere, nalisendeza pafupi ndi maso. Analiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyenda, chala chikutsata mzere. Chinafika pakati n'kubwerera poyambira. A Margareta anadikira, zala zili pamabatani.

Kenaka bambo aja anatembenuka, namwetulira ndi mbali imodzi ya nkhope, mwaulemu ngati akulankhula ndi mlendo.

“Mayi, walemba funso limeneli ndani? Ana athu sangalithe ili. Ngakhale ine sindikulimva.”