Mapiritsi M'thumba la Jekete Yakuda

Apongozi anga aakazi atamwalira kwawo ku Andong, amuna anga a Byeon Man-ho ndiwo anaima pambali pa chithunzi cha malemu, poti ndi mwana woyamba. Mwa mwambo wa kumeneko, amuna angawo ankagwadira aliyense wodzapepesa mpaka mphumi kukhudza pansi. Anthu ankangobwera osaduka.

Komatu mtima wa amuna angawo ndi wofooka. Umalephera kupopa bwino magazi, madzi n'kumadzadza m'thupi. Adokotala anawapatsa mapiritsi ochotsa madziwo, omwa m'mawa uliwonse. Kuipa kwake, amakodzetsa koopsa.

Tsiku lachiwiri ndinaona masokosi akuwadya m'miyendo, mapazi atatupa ngati mabanzi. Ndinapisa m'thumba la jekete yawo yakuda. Mapiritsi aja ali phee, osamwedwa.

"Bambo a Eun-sil, n'chiyani ichi?"

"Tsitsani mawu, mayi, pali alendo."

"Alendowo ndi amene azikupumirani? Imwani pompano!"

"Ndimwe kuti ndizingothamangira kuchimbudzi, amayi n'kutsala okha apa? Anthu azifunsa kuti mwana wamkulu ali kuti? Ndidzamwa tikaika."

Makani a munthu ameneyu! Ndinapsa mtima, koma mantha ndiwo anandikulira. Ndinati tiwaimbire adokotala, mwina atisinthira nthawi yomwera. Anangopukusa mutu. Ndiyenso msuzi wa nyama yang'ombe wolandirira alendo pamaliropo, mchere wake wadzaoneni, ankaumwa ndi mlendo aliyense wowakokera patebulo.

M'mawa wa tsiku loika, anagwada komaliza kutsanzika amayi awo. Sanadzuke. Mpweya unkatuluka mokokoma, milomo itada bii. Madzi anali atafika m'mapapo.

Galimoto ya maliro inalowera kuphiri kumene kuli manda, ife ya odwala inatithamangitsira kuchipatala.

Kumeneko anawabaya mankhwala omwe aja ankawabisa m'thumba, okodzetsa. Dzuwa litapendeka, mpweya unayamba kubwerera. Namwino sanawanyengerere. Anawauza kuti mankhwala a mtima sasiyidwa adokotala osadziwa, kaya pali maliro kaya ukwati.

Atatuluka namwinoyo, anandigwira dzanja.

"Ndipatseni nsapato. Tichedwa kumanda."

"Aikidwa kale, bambo."

Paipi ya mpweya inkalira m'mphuno mwawo.

"Dothi loyamba wathira ndani?"

"Mng'ono wanu."

Anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Mawu owakalipira ndinali nawo ambiri, ndinali nditawasunga kuyambira dzulo lake. Ndinangokoka bulangeti n'kuwafunditsa mapazi otupa aja.