Chithunzi Chachinayi pa Tsamba la Sukulu

Kompyuta ya mkulu wina wokonza mawayilesi inali yapakamwa. Chichokereni maso ake, matenda a shuga atawadya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, anaikamo pulogalamu yowerenga mokweza chilichonse cholembedwa pagalasi. Anaizolowera mpaka kumaithamangitsa liwiro loti munthu wina sungatolepo ngakhale liwu limodzi. Mlongo wake, telala, yemwe ankamusunga kuchipinda cha kuseri kwa shopu, ankangomva phokoso basi. "Achimwene, chinthu chanuchi chikutukwana kapena chikupemphera?" Nthabwala yake inali yomweyo tsiku ndi tsiku.

Loweruka limenelo panalibe zoseka. Mwana wamkazi wa mkuluyu, mmodzi yekhayo, anali atamaliza maphunziro a unamwino. Mwanayu anakulira kwa mayi ake ukwati utatha, pakhomo pa bambo wina. Kutatsala sabata ziwiri kuti alandire satifiketi anaimba foni: "Ababa, musavutike kubwera. Holo ndi yaing'ono, akuti makolo asabwere." Mkuluyo anavomera, koma mawuwo anawakayikira. Kodi analetsa makolo onse, kapena kholo losaona lokhali, lofunika kuligwira dzanja anzake akuyang'ana?

Tsopano sukuluyo inali itaika zithunzi patsamba lake la pa intaneti. Tsoka lake makina alibe maso. Akafika pa chithunzi amangoti "chithunzi" n'kudutsa, ngati kuti athandiza. Ndiye anaitana mlongo wake, amene anasiya diresi ya kasitomala ili pamashini n'kudzakhala pa kampando pambali pake, mapini akadali pakolala.

"Mausi ya kompyutayo musagwire, achemwali. Mukagwira ndisowa pomwe ndili. Inu ntchito yanu ndi maso okha."

Anthu openya ali ndi matenda amenewo, dzanja limawayabwa. Telalayo anapinda manja.

Mkuluyo anatsika ndi batani, mzere ndi mzere, makina akulongolola. Chithunzi choyamba, telalayo anati ndi geti la sukulu. Chachiwiri, mphunzitsi wamkulu ali pamaikolofoni, mimba kutsogolo. Chachitatu, ophunzira ovala zoyera atandandalika m'mizere.

"Makolo akuoneka?"

"Ayi, ana okhaokha."

Mtima wa mkuluyo unakhala pansi pang'ono. Anadzidzudzula ndithu, kuti iwe ukalamba ndi nsanje, kumuganizira zoipa mwana wako yemwe.

Chachinayi chinali ndi mawu pansi pake. Makina anawalavula kamodzin'kamodzi: dzina la mwana wake, kenako, "wophunzira amene wapambana onse, ali ndi mayi ake ndi bambo ake." Telalayo sanamve kanthu, kwa iye linali phokoso lomwe lija. Koma mkuluyo anamva zonse, anamvanso kampando kakulira, mpweya wa mlongo wake utaima.

"Mukuona chiyani?"

"Ndi iyeyu! Mwana wanu, achimwene! Wanyamula mphatso, chipewa chapendekeka. Koma ndiye wakongola!"

"Ali ndi ndani?"

"Ali yekha."

"Yekha?"

"Yekhayekha. Kumbuyo kwake kuli katani basi."

Mayo ine! Zinamupweteka pawiri. Mwana anamunamiza chifukwa cha manyazi, mlongo akumunamiza chifukwa cha chisoni, ndipo onse awiri akumuyesa mwana wakhanda. Akanatha kungomeza n'kudutsa. Koma maso ena analibe, ndipo maso onama ndi achiyani? Anagwira mabatani awiri n'kuchepetsa liwiro la makinawo mpaka pansi, kenako anabwerera mzere umodzi. Makina analankhula pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, opanda chifundo: "Ali ndi mayi ake ndi bambo ake."

Telalayo anayamba kufwenthera.

"Pepani, achimwene. Ndimati..."

"Musalire. Ndiuzeni bwinobwino. Bamboyo waima pati?"

"Kudzanja lamanja. Wamugwira paphewa."

"Mwanayo akuseka?"

"Akuseka."

"Kuseka kwa pachithunzi, kapena kwenikweni?"

"Kwenikweni."

Mkuluyo anagwedeza mutu. Mwanayu anamuona komaliza ndi maso ali kamtsikana ka mawondo otuwa, ndipo nkhope ya namwino wamkuluyu sankaidziwa.

"Wafanana ndi ndani?"

"Ndi inu. Mphumi, mphuno, ngakhale kaimidwe. Munthu sangafunse."

Chisoni chinamukuta mkuluyo, koma mkwiyo unakana kubwera, ndipo anausowa. Kushopu kasitomala anayamba kuodira. Telalayo sananyamuke.

Kenako mkuluyo anadina batani lotsikira.

"Chithunzi," anatero makina.

"Tiyeni tipitirize, mwina mwanayo aliponso penapake," anatero iye. "Koma muzingondiuza za iye yekha."