Maliro a m'Kachisi wa Milatho

Nkhaniyi inawapeza a Sitima ali pamsika wa Chiringa, akusankha mpini wa khasu. Anawapatsira ndi mayi wina wa kwaya, monong'ona ngati akupepesa.

"Mwana wanu uja, Cornelius, akuti watenga unsembe kwa milungu ina. Ya m'kompyuta. Amene anamuona akuti amachita kuigwadira."

A Sitima anabweza mpiniwo pamulu n'kukankha njinga yawo kubwerera kunyumba. Iwo anali atagwira ukatekisiti kuyambira nthawi ya chipani chimodzi, kuphunzitsa ana m'midzi ya kuseri kwa phiri la Michesi ndi kutsogolera maliro kumene wansembe sakanatha kufika. Cornelius, chitsirizira wawo, ndiye ankati adzakwera paguwa. Ku seminale anapitadi, koma atatsala pang'ono kumaliza anabwerako ndi sutikesi yake n'kungoti, "Bambo, sindingathe." Kuchokera apo macheza a awiriwa anali a mvula ndi nandolo basi. Tsopano mnyamatayo, yemwe anali atamera kale ndevu zaubambo, ankagwira ntchito yotayipa mu ofesi ya pamishoni, momwe anali atangoikamo intaneti.

Loweruka masana a Sitima anapalasa njinga mpaka kumishoniko. Anzake a Cornelius anali ataweruka. Anamupeza yekha, maso ali pakompyuta, ndipo atawaona anadzambatuka mpaka mpando unagwa.

"Bambo! Kwagwanji kumudzi?"

"Kulibe chagwa. Ndabwera kudzaona mulungu wako."

Cornelius anaseka pang'ono, koma ataona kuti nkhope ya bambo ake sikusintha, anawakokera mpando. Pagalasi la kompyutalo panali tianthu ting'onoting'ono ngati nyerere zovala malaya, tikuyenda m'mbali mwa mtsinje. Anawafotokozera kuti awa ndi masewera. Kamunthu kalikonse kali ndi mwini wake, munthu weniweni, wina ku Ulaya, wina ku Brazil, ndipo onse amakumana m'dziko lopeka n'kumayendera limodzi, kumenyana ndi zilombo. M'dzikomo muli milungu yambiri, ndipo aliyense amasankha wake: wa nkhondo, wa moto, wa akuba.

"Akuba nawonso ali ndi mulungu wawo?"

"Eya."

"Ndiye apolisi akumeneko akuona zakuda," anatero a Sitima. "Nanga wako ndi uti?"

"Dzina lake ndi Veru. Mulungu wa milatho. Kamunthu ka mkanjo woyera aka ndi ine, wansembe wake."

"Anamulenga ndani Veruyo?"

"Anyamata ena olemba masewera, kunja uko."

"Ukudziwa bwino zimenezo?"

"Ndikudziwa, bambo. Paja inu munkandiveka chisoti cha katoni pa sewero la Khirisimasi. Kodi ndinasanduka Herode?"

A Sitima anakanda kumutu. Anayang'anitsitsa kamunthu koyerako, kenako anafunsa chimene anasankhira mulungu ameneyu pakati pa onsewo. Cornelius anati milungu inayo imapatsa anthu ake malupanga ndi malawi a moto, koma wansembe wa Veru samenya nkhondo. Ntchito yake ndi kudzutsa anzake akagwa, ndi kuwaolotsa mtsinje ukadzaza.

Mkuluyo anakumbukira m'mawa uja napolo anatsika ku Michesi, mkazi wawo Rozaria ali kutsidya kumunda, Cornelius ali kamwana kogwira mwendo wa bambo ake, kakuyang'ana pamene panali mlatho. Rozaria sanabwererenso kunyumba. A Sitima anangosendeza mpando wawo pafupi.

Nthawi yomweyo pansi pa galasilo panatuluka mawu a Chingerezi. Cornelius anawawerenga ndipo nkhope yake inagwa.

"Ndi a Hilda awa," anatero, akuloza kamunthu konyamula nkhwangwa yaikulu. "Amakhala ku dziko lina lozizira. Tayenda nawo nthawi yaitali m'masewerawa. Amuna awo ali m'chipatala ndi khansa, ndiye lero madokotala agwa mphwayi. Akuti, 'Wansembe wathu, ndipempherere. Koma osati kwa Veru. Pemphero lenileni.'"

Zala zake zinaima pamwamba pa mabatani. Zinatsika, zinalemba mawu awiri, n'kuwafufutanso.

"Bambo," anatero osawayang'ana, "ine pemphero linauma pakamwa panga kalekale."

A Sitima anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Wodwalayo dzina lake ndani?"

"Steve."

"Lemba zimene ndinene."

Anayamba m'Chichewa, pang'onopang'ono, monga ankachitira pamphasa za odwala m'midzi. Anamutchula Steve ngati munthu amene anakula naye. Anapempha kuti ululu umuchepere, kuti asaope, kuti mkazi wake apeze phewa lotsamira. Mtima utadzaza, lilime linaterereka n'kulowa m'Chilomwe cha amayi awo, ndipo Cornelius ankangotembenuza zonse m'Chingerezi. Pakati penipeni a Sitima anatsegula diso limodzi. Anaona kuti iwo apuma, koma zala za mwana wawo zikupitirirabe zokha, milomo yake ikugwedezeka. Anatsekanso disolo n'kudikira mpaka mabatani atasiya kulira, ndiye anati, "Amen."

Yankho la a Hilda linachedwa. Litafika linali lalifupi: akuthokoza, ndipo akawerengera amuna awo pemphero lonselo kuchipatala.

Nandolo atayamba kuuma m'minda, Cornelius anatulukira ku Chiringa pakati pa sabata, thukuta lili kamukamu. Anawapeza bambo ake akukonza denga la khola la mbuzi.

"A Steve aja atisiya," anatero. "Anaika kale kwawoko. Koma anzathu a m'masewera agwirizana kuti Loweruka tikakumane ku kachisi wa Veru, tikakhale nawo a Hilda."

A Sitima anatsika pamakwerero n'kusasa udzu m'malaya.

"Maliro n'kulirana," anatero. "Undisungire mpando."

Tsikulo anavala jekete lawo lakuda lija la pamaliro, ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Atakhala pansi mu ofesi muja, anaona kuti pagalasi pali nyumba ya miyala yomangidwa pamwamba pa mtsinje, ndipo tianthu tadzaza mpaka pakhomo. Cornelius ankawalozera: awa ndi a mulungu wa nkhondo, awo ndi a moto, aja aima kumbuyo ndi akuba aja. Ena mwa iwo anali adani amene masiku onse amathamangitsana m'nkhalango. Lero onse anali atatula zida zawo pansi. Panalibe wolumpha, panalibe wothamanga. Mawu ankangotuluka m'munsi, mmodzimmodzi, aliyense kunena pepani m'Chingerezi chake chothyokathyoka.

"Namfedwa ali pati?" anafunsa a Sitima.

Cornelius analoza kamunthu kamene kanakhala pansi kutsogolo, kopanda nkhwangwa yake.

"Uwauze kuti kuno ku Phalombe kuli nkhalamba ina yafika pamaliro. Uwauze kuti nanenso ndinaikapo mnzanga, ndipo sindiwanamiza kuti zimatha msanga. Koma munthu amadzadyanso, amadzasekanso."

Cornelius analemba. Patapita kanthawi, kamunthu kaja kanadzuka, kanayenda pakati pa anzake n'kudzakhala pafupi ndi wansembe wa mkanjo woyera.

Kwa a Sitima maliro opanda nyimbo sanali maliro, choncho anayambitsa ija ankaimba akamatuluka ndi bokosi m'nyumba, motsitsa mawu poopa kusokoneza masisitere kuseri kwa khoma. Pa ndime yachiwiri anamva besi ya mwana wawo ikulowa pambali pawo, yosasa ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa. Ali pakati pa ndime yachitatu, magetsi anathima. Galasi lija linada bii, kachisi ndi anthu ake onse n'kuzimirira. Awiriwo anayang'anana, koma sanaleke. Anaimba mpaka ndime yomaliza, atayang'ana kompyuta yozimayo.

Atatuluka panja, Cornelius anawatengera bambo ake ku tiyirumu ya pamsewu. Anaitanitsa tiyi wamkaka ndi masikono. A Sitima ananyika sikono yawo, n'kuidya mosafulumira.

"Mayi aja ali ndi abale pafupi?" anafunsa.

"Anati mng'ono wawo wabwera kudzakhala nawo."

"Zakhala bwino. Asamagone okha m'nyumba masiku ano, ndipo zovala za malemu asafulumire kuzigawa. Magetsi akayaka ukawauze."

"Ndikawauza, bambo."

"Komanso shuga wachepa mu tiyimu," anatero a Sitima, akukankhira kapu yawo kwa mwana wawo.