Ubuntu wa Madamu Linda

Nsanje ya Benedicta inayamba Loweruka lina lachifunga, pamene Madamu Linda, mphunzitsi wa makompyuta pa sukulu imene a Levison ankaphunzitsa, anafika ndi fulashi m'manja kudzaika Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, m'laputopu ya a Levison, amuna ake a Benedicta.

"Windows sitichotsa ayi, mayi," anatero Linda akumwetulira. "Tingogawa malo pakati, ziwirizi zizikhala m'makina amodzi."

Benedicta anangoti chabwino, koma mumtima mukuwira. Ziwiri m'nyumba imodzi? Iye wokwatitsa ku tchalitchi cha Kabwazi, mitala imulowere kudzera pa tebulo? Pobweretsa tiyi ndi kachewere anapeza mitu yawo itayandikana, akuseka. A Levison omwewo, amene pakhomo pano mano awo ankaoneka potsuka m'kamwa basi!

Chimene chinamupweteka koposa chinabwera pambuyo pake. Ukayatsa laputopuyo, inkayamba yafunsa kuti ulowa kuti. Ubuntu anali pamwamba. Windows, momwe munali zithunzi za ukwati wawo ndi nyimbo zake za kwaya, anali pansi. Ukachedwa kudina, makinawo ankangolowa okha kwa Linda, osaodira n'komwe.

"Bambo a Tiwonge, bwanji changa chili pansi?"

"Zimangokhala choncho, mayi. Mungodina kamuvi kotsikira."

Kamuvi kotsikira! Ndiye kuti iye tsopano ndi wochita kumufunafuna.

Lolemba, amuna ake ali ku sukulu, Benedicta ananyamula laputopu ija nakwera minibasi ya ku Chimbiya, kupita kwa a Alufeo okonza mafoni kuseri kwa ogulitsa kabichi.

"Mufufute chapamwambachi. Chonse."

"Mayi, izi zikakhalira limodzi zimalukana mizu. Ine ndimadziwa mafoni, izi ndingoyesa."

"Fufutani, bambo."

Anafufutadi. Atayatsanso, sikirini inangoti bii, timawu toyera tili pakona. Ubuntu kulibe, Windows nayenso osatuluka. A Alufeo anakanda mutu, nati mwina ikazizira idzuka. Benedicta anabwerera mantha atamugwira.

Madzulo a Levison anayatsa, kuzimitsa, kuyatsanso.

"Chachitika n'chiyani apa?"

"Ndachotsa mlendo uja," anayankha Benedicta atakweza mutu.

Ankayembekezera mkangano, ndipo ankaufuna, kuti mwina atulutse zonse zimene anasunga mumtima. Koma a Levison sanakalipe. Anangopuma mozama, nati mayeso a Fomu 4 ali momwemo ndipo akufunika mawa.

"Pali munthu mmodzi yekha kuno amene angaidzutse."

Analowa kuchipinda, nasintha malaya, napesa ndi tsitsi lomwe. Benedicta anafuna kunena kuti tipite tonse, koma manyazi anamutseka pakamwa.

"Musandidikire chakudya," anatero a Levison ali pakhomo, laputopu ili m'khwapa. "Ntchito yake ndi yaitali, ndikadya komweko kwa a Madamu."