Malemu Makwinja Akadali pa Ntchito

Bambo Cyprian Makwinja anamwalira dzinja lina nthawi ya tchuthi, naikidwa ku Mandeya m'munda wa nthochi wa mnzawo wa ku tchalitchi, koma ntchito sanasiye. M'mawa uliwonse mwana wawo wamkazi Loness akayatsa kompyuta mu ofesi ya pa esiteti ya tiyi, ankawapeza ali pompo: dzina lawo, nambala yawo, ndi tiyi amene anathyola dzulo lake. Kunena zoona, ankathyola wambiri kuposa mmene ankachitira ali moyo.

Loness sizinkamudabwitsa, chifukwa wothyolayo anali mlongo wake Jaison. Jaison anabadwira m'thengo, zaka zimene zigawenga zinkawoloka malire kudzasautsa anthu m'chigwa cha Honde, ndipo pothawathawapo palibe anakumbuka zokamulembetsa kuboma. Anakula wopanda chitupa, ndipo munthu wopanda chitupa sankalembedwa ntchito. Nyumba ya njerwa ya ku komboni, ya malata ndi dimba kuseri, inali m'dzina la bambo awo. Dzinalo likanachoka m'kaundula, mayi awo a Rosa akanatulutsidwa panja ndi mapoto awo.

Nzeru anabwera nayo ndi a Gaspar, kapitawo wa gulu la malemuwo, munthu wa ku Mozambique wosataya nthawi ndi mawu ambiri.

"Munthu wafa, inde, koma nambala siifa," anatero pambuyo pa maliro. "Mnyamatayu azingoyankha ndikaitana. Mabwana akusintha ngati malaya, ndani adziwe nkhope?"

Ndipo a Makwinja sanali okha ayi. Akufa othyola tiyi analipo angapo pa esitetipo, komboni yonse inkawadziwa, ndipo palibe ankatsegula pakamwa.

Zaka zimenezo zinthu zinali zitasokonekera m'dziko, malipiro enieni atasanduka ufa ndi mafuta ophikira. Kampani italephera kulipira pulogalamu yake yodula ya makompyuta, mnyamata wa zamakina dzina lake Pardon anatola kompyuta yakale, naiika m'kachipinda kosungira katundu kuseri kwa ofesi, nati imeneyo ndiye seva. Anaikamo pulogalamu yaulere. Kuyambira pamenepo ku sikelo, ku chipatala ndi ku ofesi ya nyumba onse ankatsegula tsamba limodzi, ndipo mayina onse ankagona m'kabokosi kaimvi kaja, kamene kankalira mosalekeza ngati njuchi m'mphako.

Pardon atatopa ndi njala anaganiza zopita ku Joni. Tsiku lotsanzika anamutengera Loness m'kachipindako.

"Tarisai, taonani apa, sisi Loness, chinthu ichi chilibe mwini," anatero. "Anachilemba anthu a m'maiko ambiri amene sanaonanepo, nachisiya chosakhoma kuti aliyense akonze chimene chikumuvuta. Tsamba lija mumalionali ndi khomo lakumaso, ndipo limalemba dzina la aliyense wasintha kanthu. Khomo lakuseri ndi ili." Anamuonetsa galasi lakuda la zilembo zoyera. "Apa mumalankhula ndi nkhokwe ya mayina maso ndi maso. Siifunsa kuti ndinu ndani. Musamalowe chisawawa."

Anamuphunzitsa pang'ono, namusiyira mawu achinsinsi, nakakwera kombi ku Hauna. Sanabwererenso.

Anthu amene analemba pulogalamuyo ayenera kuti anali okoma mtima ndiponso okhuta, chifukwa anaikamo kachithunzi ka keke kotuluka pa tsiku lobadwa la wantchito aliyense. Sankadziwa kuti makalaliki akale, akamalemba anthu ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo amene sankadziwa masiku awo, ankangowapatsa onse tsiku loyamba la Januwale. Choncho chaka chikamayamba, theka la komboni linkalandira keke. M'munsi mwa makekewo munkatuluka mayina ofiira a anthu amene afika zaka zopumira ntchito.

Chaka chathacho dzina la a Makwinja linali pafupi kufiira. Loness anaziona msanga, nalowera khomo lakuseri, nasuntha chaka chawo chobadwa. Inali ntchito yochepa kuposa kusoka batani. Anatuluka akudzitama mumtima kuti wapulumutsa nyumba, ndipo sanauze aliyense.

Maloto a mayi ake anayamba mwezi womwewo.

"Abweranso," a Rosa ankatero m'mawa akusesa pakhomo, osakweza mutu. "Atanyowa ndi mame mpaka m'chiuno, dengu kumsana. Salowa m'nyumba. Amaima pakhomo apa n'kufunsa kuti, kodi Rosa, sitinaweruke?"

"Ndi njala imeneyo, amayi. Munthu akagona ndi njala amalota zambiri."

"Njala ndinayamba kugona nayo iwe usanabadwe. Sinkandifunsa mafunso."

Loness ankaseka, koma chiseko chake chinkathera panjira yopita ku ofesi. Anayamba kudana nako kachipinda ka seva. Munkamveka fungo la masamba a tiyi onyowa, pamene munalibe zenera ndipo fakitale inali kutali. Magetsi akathima, seva ija inkatsalira pa batire n'kumalira motsika, mokokeza, ngati munthu wamkulu amene wakwera chitunda. Ankadziuza kuti ndi makina chabe, komabe chitseko ankachisiya chotsegula.

Chimene chinamuopsa kwambiri chinali Jaison. Tsiku lina masana, nkhungu itatsika kuchokera kumapiri, Loness anasuzumira pazenera naona munthu akutsetsereka pakati pa mizere ya tiyi, dzanja lamanzere atagwira m'chiuno, mutu atapendeketsa. Amenewo anali mayendedwe a bambo ake enieni. Munthuyo atayandikira anali Jaison. Anzake ku munda anali atasiya kalekale kumutchula dzina lake, ankangoti a Makwinja, poyamba moseka, kenako mosaseka. Mnyamata amene kale ankasokosa ndi mpira komboni yonse tsopano ankafika kunyumba n'kukhala pa mpando wa bambo ake, phee, kuyang'ana kumapiri.

Mvula itayamba, matenda otsegula m'mimba analowa m'chigwa, ndipo Jaison anagwa ali m'munda. Anamunyamulira ku chipatala cha pa esiteti pa chitseko chakale. Namwino anali wachilendo. Analemba nambala pa kompyuta, nayang'ana pa benchi kufunafuna nkhalamba.

"Sekuru Makwinja ndi ati?"

Loness, amene anali atathamangira komweko, anayang'ana pansi. Kenako Jaison, maso ali chitsinzinire, anakweza dzanja monga amachitira m'mawa pa kuitana mayina.

"Ndilipo."

Namwinoyo anayang'ana tsamba, nayang'ana mnyamatayo, nayang'ana Loness. Anali wotopa kwambiri moti sanafune kudziwa zambiri. Anangonena motsitsa kuti mankhwala apereka, koma zikavuta, pepala la imfa lidzatuluka m'dzina limene lili pa kompyuta.

A Rosa anakhala pambali pa mwana wawo akumumwetsa madzi a mchere ndi shuga pa supuni. Thupi litatentha anayamba kubwebweta, ndipo mayi ake anamuitana.

"Jaison. Jaison, mwanangu."

Sanatembenuke. Anaitananso, koma ayi ndithu. Ndiye a Rosa anatchula dzina limene sanalitchulepo ngakhale mwini wake ali moyo.

"Cyprian."

Mnyamatayo anatsegula maso.

Loness anatuluka panja nakaima pansi pa mtengo wa mapeyala. Anachita mantha ndithu, ndipo anachitanso manyazi. Mayi ake anamutsatira.

"Ine ndinaika Cyprian kamodzi," anatero. "Ndikaikanso Cyprian, ndiye kuti mwana amene ndinabereka m'thengo uja anapita kuti? Ndidzalira ndani?"

Jaison anachira, pang'onopang'ono, ataonda ngati bango. Chaka chinali kutha, ndipo dzina la bambo awo linali pafupi kufiiranso. Apa m'pamene Loness anawauza mayi ake za khomo lakuseri, ndi kuti akhoza kusunthanso chakacho, chaka chino ndi chamawa, mpaka kalekale.

A Rosa sanakalipe. Anali kudula mitengo ya chinangwa yokabzala m'dimba n'kumaimanga mtolo.

"Ndiye ndiwe umawabweza ku munda," anatero basi.

"Ndimasunga nyumba, amayi. Tikatuluka muno tipita kuti?"

"A Estevao, eni munda wa nthochi uja, anati pafupi ndi manda pali malo. Pali kanyumba kamene ankasungiramo nthochi."

"Mvula imeneyi? Kanyumba kaja kamadontha."

"Abambo ako akunyowa tsiku ndi tsiku."

M'mawa mwake Loness analowa m'kachipinda ka seva natseka chitseko. Fungo la tiyi wonyowa linali momwemo. Anatsegula galasi lakuda lija, mosamala kwambiri, chifukwa akanaphwanya kanthu panalibe munthu m'chigwa chonse woti n'kukonza. Anayamba wafunafuna malo amene pulogalamu imakanira munthu wopanda chitupa. Anawapeza: mzere umodzi wokha, ndipo pamwamba pake mlendo wina wa kutali anali atasiya mawu m'Chingerezi, akuti ngati kwanu si onse ali ndi nambala yotere, sinthani apa. Loness anawerenga mawuwo kawiri. Munthu ameneyo sanamvepo za Jaison, koma anaganizako kuti kwinakwake aliko. Anasintha mzerewo, nabwezera chaka chobadwa cha bambo ake mmene chinalili.

Zotsalazo anakachitira khomo lakumaso, kuti dzina lake lilembedwe. Anatsegula tsamba la wantchito watsopano nalemba kuti Jaison Makwinja, pa chitupa nasiya osalembapo kanthu, ndipo tsamba linavomera. Kenako anatsegula la bambo ake. Chithunzi chawo chakale chinamuyang'ana, atavala jekete la ku tchalitchi. Anasankha mawu akuti wamwalira, nalemba tsiku lenileni. Pulogalamu inamufunsa ngati akutsimikiza.

Tsiku la maliro palibe anamufunsa funso limenelo. Anali wotanganidwa ndi kuphikira anthu ndi kunong'onezana ndi a Gaspar, moti sanalire n'komwe. Tsopano analira, yekha, pamaso pa kabokosi kaimvi, mpaka kolala ya bulauzi inanyowa. Atatha anadina kuti inde. Pa tsamba la nyumba, nyumba yawo inasanduka yobiriwira, kusonyeza kuti ilibe munthu.

Ankayembekeza kuitanidwa kwa manejala, koma manejalayo, amene antchito ake ankathawa ntchito tsiku ndi tsiku, tsiku la imfa sanaliyang'ane n'komwe. Anangoona nyumba yobiriwira naipereka kwa dalaivala wa thirakitala. Jaison, monga wantchito watsopano, anapatsidwa bedi m'chipinda cha mbeta zachimuna.

Tsiku loyamba la ntchito chaka chatsopano, Loness anapita yekha kukapereka pepala la mayina kwa a Gaspar, naima chapatali mu nkhungu. Kapitawoyo anawerenga mayina mmene amachitira, mpaka anafika pena naima. Anachotsa chipewa, nachivalanso.

"Jaison Makwinja."

Palibe anayankha. Jaison anali chiimire pamzere, dengu kumsana, akuyang'ana pansi kudikira dzina lina. A Gaspar anaitananso. Mayi wina wa pambali pake anamugunda ndi chigongono.

"Iwe, ndiwe."

Jaison anadzutsa mutu nayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wadzutsidwa pa basi.

"Ndilipo," anatero, ndi mawu amene Loness anali atawaiwala.

Loweruka lake Loness anakwera basi kupita ku Mandeya ndi kathumba ka ufa. Anapeza mayi ake atakhala pakhomo pa kanyumba ka nthochi kaja, mapoto ataunjikidwa pakona, beseni lili pakati pa chipinda kulandira madzi odontha. Chinangwa chija anali atabzala kale kuzungulira manda. Atapatsana moni, Loness anadikira, koma a Rosa ankangoyang'ana mvula.

"Nanga abambo?" anafunsa pomaliza.

"Sanabwere. Chisamukireni sanabwere."

"Ndiye kuti apuma, amayi."

"Apuma."

Mtima wa Loness unakhala pansi, ndipo anayamba kumasula kathumba ka ufa. Koma mayi ake sanamwetulire. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndimafuna abwere kamodzi kokha, ndiwauze ndekha kuti taweruka," anatero. "Chaka chonsechi ndimawaona, ngakhale atanyowa. Tsopano ndiziwaonera kuti?"

Denga linali litayamba kudontha pena, pamwamba pa mphasa ya a Rosa, ndipo Loness anadzuka kukasuntha beseni.